ZOBISIKA ZA PA CHIROMO, POKUMANIRA SHIRE NDI RUO

Munthu wochokera ku Bangula amene ali ndi ulendo wa ku Makhanga amafika pamalo pamene mseu ndi njanji zimathera m'madzi. Pamenepo amatsika njinga, nakambirana mtengo ndi mwini bwato, kenaka nkukhala pansi mosamala pakati pa matumba a chimanga ndi madengu a nsomba zouma. Malowo anthu anawatcha Mtayamoyo, ndipo dzinalo silifuna womasulira. Kutsogolo kwake kuli mlatho wachitsulo wa pa Shire, ndipo wouwoloka amakhala wafika pa Chiromo, malo amene kuyambira makedzana akhala akudziŵika kuti ndi pokumanira mitsinje iŵiri, Shire ndi Ruo.

Mlendo woyang'ana malo ameneŵa angaganize kuti palibe chachikulu chimene chinachitikapo. Komatu omvera okonda mpira wa miyendo akhala akumva mbiri ya Chiromo kaŵirikaŵiri osazindikira. Timu ya dziko la Portugal ikandanda pabwalo nkuyamba kuimba nyimbo ya fuko lake, monga anachitira Cristiano Ronaldo ndi anzake m'chaka cha 1916 kuphatikiza zaka 100, ndiye kuti 2016, pamene anatenga chikho cha maiko a ku Ulaya, imaimba nyimbo imene inabadwa chifukwa cha mkangano wa pa madooko a Shire ndi Ruo.

Nkhani yake inayamba chonchi. David Livingstone atachoka m'chigwa cha Shire, anasiyamo anthu ena amene anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, odziŵika ndi dzina lakuti Amakololo. Anthuwo anali ndi mfuti, ndipo m'zaka zoŵerengeka anasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Maina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, amene akumvekabe ku Chikwawa, ndi ochokera kwa iwo. Amakololo ameneŵa ndiwo ankalamulira njira ya pa mtsinje kuyambira pa Ruo kupita kumtunda, ndipo sankafuna kumva za ulamuliro wa Apwitikizi.

Koma ku Lisbon akuluakulu a boma anali atajambula kale mapu awo otchuka, pamene anapaka utoto wa pinki dera lonse lochokera ku Angola kukafika ku Mozambique, kusonyeza kuti lonselo nlawo. M'chaka cha 1889 msilikali wina wotchuka pa maulendo, Serpa Pinto, anakwera chigwa cha Shire ndi gulu lalikulu la anthu onyamula mfuti. Harry Johnston, kazembe wa Angerezi, anakumana naye kumunsi kwa Ruo namuchenjeza kuti asawoloke mtsinjewo. John Buchanan, amene ankagwirizira ukazembe ku mapiri a Shire, analengeza kuti dziko la Amakololo lili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria, ndipo mafumu anapatsidwa mbendera za Angerezi. Mu Novembala chaka chomwecho ankhondo a mfumu Mlauli anaukira msasa wa Apwitikizi pa Mupassa atanyamula mbenderazo. Nsalu sitchinga chipolopolo. Ambiri anagwa ndi mfuti zachiŵaya, ndipo posakhalitsa mkulu wina wa asilikali a pamadzi, João de Azevedo Coutinho, analanda Chiromo napitirira mpaka kwa Katunga.

Uthenga utafika ku London, Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Angerezi, anatumiza ku Lisbon kalata yaifupi koma yoopsa pa 11 Januwale 1890. Kalatayo inalamula kuti asilikali a Chipwitikizi achoke msanga ku Shire ndi ku Mashonaland, apo ayi kazembe wa Angerezi achoka m'dzikomo, ndipo aliyense ankadziŵa chimene chikanatsatira. Portugal linali dziko laling'ono ndi lodzala ngongole. Linagonja, ndipo nduna za boma zinatula pansi udindo patangopita masiku oŵerengeka.

Manyazi amene anagwira anthu a ku Portugal anali osasimbika. Mumzinda wa Lisbon anakulunga chiboliboli cha mlakatuli wawo wamkulu, Luís de Camões, ndi nsalu yakuda ngati pamaliro. Anthu anayamba kukana katundu wa Angerezi. M'masiku omwewo a mkwiyo, Alfredo Keil, wojambula zithunzi ndi wopeka nyimbo, anapeka maimbidwe, ndipo Henrique Lopes de Mendonça, amene anali wa m'gulu la asilikali a pamadzi, anaikapo mawu. Nyimboyo anaitcha A Portuguesa. Pa 31 Januwale 1891 anthu ofuna kuchotsa ufumu anaukira boma mumzinda wa Porto akuimba nyimbo imeneyi. Kuukirako kunalephera, nyimboyo inaletsedwa, koma anthu sanaiiŵale.

Palinso kanthu kena koseketsa m'nkhaniyi. Anthu a ku Portugal anasonkha ndalama zogulira sitima yankhondo kuti dziko lawo lisadzachititsidwenso manyazi. Sitimayo anaitcha Adamastor, dzina la chimphona cha m'nthano chimene Camões anati chimalondera nsonga ya kumwera kwa Africa ndi kuopseza amalinyero. Sitima yogulidwa chifukwa cha Angerezi imeneyi sinawombere Mngerezi ndi mmodzi yemwe. Mu Okutobala 1910 inalozetsa mizinga yake ku nyumba ya mfumu ya Portugal yomwe. Mfumu Manuel Wachiŵiri inathaŵira ku England, ufumu unatha, ndipo mu 1911 A Portuguesa inakhala nyimbo ya fuko. Popeza Mozambique anakhala m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1975, ana a sukulu a kutsidya kwa Ruo ankaimbitsidwa nyimboyi kwa zaka zambiri, osauzidwa kuti chiyambi chake chinali pa dooko limene makolo awo ankachapirapo zovala.

Wina angafunse kuti kodi Angerezi ankalimbiranji mtima ndi dera limene linali kutali chotere ndi kwawo. Mbali ina ya yankho ndi manda. Zaka 27 mkangano uja usanabuke, Bishopu Charles Frederick Mackenzie, mtsogoleri wa mishoni ya UMCA imene inakhazikika ku Magomero mu 1861, anapangana ndi Livingstone kuti akumane pamene Ruo amathira mu Shire pa 1 Januwale 1862. Bishopuyo anali katswiri wa masamu wa ku Cambridge, koma masamu a nyengo ya dzinja m'chigwa cha Shire anamuphonya. Anachedwa m'njira. Potsika ndi mtsinje bwato lina linagubuduka usiku, ndipo mankhwala onse, pamodzi ndi kwinini, anapita ndi madzi. Pamene iye ndi mnzake Henry Burrup ankafika pa chisumbu cha Malo, pakamwa pa Ruo, anapeza kuti sitima ya Livingstone, Pioneer, inali itadutsa masiku oŵerengeka m'mbuyomo. Anasankha kudikira pomwepo, pakati pa dambo, popanda mankhwala.

Panthaŵiyo panalibe sing'anga ndi mmodzi yemwe pa dziko lapansi amene ankadziŵa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Azungu ankakhulupirira kuti nthendayo imachokera mu mpweya woipa wa m'madambo, ndipo ndilo tanthauzo la dzina limene anaipatsa m'chilankhulo cha ku Italy. Kachilombo ka malungo kanaoneka koyamba mu 1880, ndipo Ronald Ross anatsimikiza za udzudzu mu 1897. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36, tsiku ndi mwezi womwewo umene anthu a ku Porto anadzaukira mfumu yawo zaka 29 pambuyo pake. Burrup, ali wodwala kwambiri, anamuika m'manda madzulo kumtunda, nabwerera ku Magomero kumene nayenso anatsirizika patangopita masabata oŵerengeka. Chomvetsa chisoni nchakuti m'masiku omwewo mlongo wake wa bishopuyo ndi mkazi wa Burrup anali atangofika kumene pakamwa pa Zambezi, ali paulendo wodzakumana nawo.

Imfa zotere, pamodzi ndi dzina la Livingstone, ndizo zinachititsa mipingo ya ku Scotland ndi ku England kuumiriza boma lawo kuti lisapereke Shire kwa Apwitikizi. Koma pamene maiko aŵiriwo anasainirana pangano mu Juni 1891, nagwirizana kuti Ruo akhale malire, manda a Mackenzie anapezeka kuti atsalira kumwera kwa mtsinjewo, mbali ya Apwitikizi.

Kuyambira pamenepo Chiromo anasanduka khomo la dziko. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde, pakamwa pa Zambezi, zinkakocheza pamenepo. Panali nyumba ya msonkho wa katundu, positi ofesi, masitolo ndi nyumba za makampani. Amtengatenga ankasenza katundu kuchokera m'chigwa kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Osonkhanitsa masitampa akale amasunga mosamala makalata okhala ndi chidindo cholembedwa kuti Tshiromo, pakuti Angerezi oyamba ankalemba dzinalo motero, pamene Apwitikizi ankalemba kuti Chilomo. Amene amamva Chimang'anja sachedwa kumva mawu akuti mlomo m'kati mwa dzinalo, ndipo amene anaonapo nsonga ya mtunda yotulukira pakati pa mitsinje iŵiriyo sangadabwe nalo.

Mmodzi mwa alendo amene anatsikira pa dooko limeneli mu 1898 anali mnyamata wa Chingerezi, Ewart Grogan. Iye anali atakonda mtsikana wa ku New Zealand dzina lake Gertrude Watt, koma kwawo kwa mtsikanayo anamuona ngati munthu wopanda pake. Pofuna kudzionetsa kuti ndi mwamuna, analonjeza kuti ayenda ulendo wodutsa Africa yense kuchokera kumwera mpaka ku Cairo. Anafikadi ku Cairo mu 1900, ndipo mbeta anaikwatira. Atakhazikika ku Kenya anamanga nyumba mumzinda wa Nairobi pamalo pamene timitsinje tiŵiri timakumana, ndipo pokumbukira zimene anaona ku Shire anaitcha Chiromo. Dzinalo linamera mizu. Ku Nairobi kuli mseu wa Chiromo, ndipo nthambi ya University of Nairobi yophunzitsa sayansi imadziŵika ndi dzina lomweli. Madokotala ambiri a ku Kenya anayambira maphunziro awo pa Chiromo, osadziŵa kuti akutchula mudzi wa kwa Mlolo ku Nsanje.

Nkhani ya Grogan imakoma ikamasimbidwa ngati ya chikondi, ndipo nzoona kuti mu 1947 anamanga chipatala cha ana ku Nairobi pokumbukira Gertrude. Koma munthu yemweyu mu 1907 anakwapula antchito ake atatu Achikikuyu poyera, kutsogolo kwa bwalo la milandu la mumzindawo, ndipo chilango chake chinali mwezi umodzi wokha m'ndende. Sikuti aliyense amene ananyamula dzina la Chiromo analipatsa ulemu.

Ulemerero wa dooko la Chiromo sunakhalitse, ndipo amene anaulanda si munthu koma mtsinje womwewo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a mu Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, kotero kuti sitima zinkatitimira mumchenga kwa miyezi yambiri. Njanji yopita ku Blantyre inayenera kuyambira pa Chiromo, koma omanga anakakamizika kuitalikitsa kumka kumunsi mpaka ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje. Dzina lakuti Port Herald silinali la munthu ayi. Linali la sitima yankhondo yotchedwa Herald imene Angerezi anaika pa mtsinjewo utatha mkangano uja. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908. Madzi anapitirirabe kuphwa, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 Nyanja ya Malaŵi inatsika kwambiri mwakuti inaleka kuthira mu Shire. Kumtunda, anthu ankalima minda m'kati mwa njira ya mtsinje. Amene amayatsa magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira angachite bwino kuilingalira nkhani imeneyi, pakuti zaka 100 si kale kwa mtsinje.

Madzi atabwerera, anabwera ndi ukali. Mu 1948 zisumbu za udzu woyandama zochokera m'dambo zinaunjikana pa mizati ya mlatho wa njanji pa Chiromo mpaka mlathowo unagwa. Tsoka sasimba; chaka chotsatira mvula inakana, ndipo kunagwa njala ya 1949 imene okalamba a ku Blantyre ndi ku Lunzu saiiŵala. Chimanga chothandizira anthu chochokera ku Beira chinkatsitsidwa m'sitima tsidya lina, nkuwolotsedwa pamadzi, nkupakiridwanso tsidya linalo, pamene kumtunda anthu ankadya mizu. Mlatho watsopano unatha mu 1950.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene madzi a pa Chiromo amavutira chotere, ayenera kuyang'ana kumene Ruo amachokera. Gwero lake lili pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, pamene chigwa cha Shire chili pafupi kulingana ndi nyanja ya mchere: malo otsikitsitsa a dziko la Malaŵi, kumalire a kumunsi kwa Nsanje, ali pa mamita 37 okha. Mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, madzi amatsetsereka mtunda wonsewo mwaliŵiro, nagwa pa mathithi a Zoa, nkufika m'chigwa atasenza mchenga ndi miyala. Shire ndi mtsinje waukulu koma waulesi. Ruo akadzaza amautsekera njira, madzi a Shire amaima, ndipo nthaŵi zina amabwerera chammbuyo kuloŵa m'dambo. Mchenga umene Ruo wakhala akuunjika pamenepo kwa zaka zosaŵerengeka ndi umene umathandiza kusunga dambo lalikulu la kumpoto kwa Chiromo.

Dambo limenelo Livingstone analitcha Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu, chifukwa mu 1859 gulu lake linaonamo njovu pafupifupi 800 nthaŵi imodzi. Mu 1897 boma la atsamunda linalisandutsa malo otetezera nyama, limodzi mwa malo oyamba otere m'dziko la Nyasaland, koma njovu zinatha ndi mfuti za osaka minyanga. Mwatsala mvuu, ng'ona ndi mbalame zochuluka, ndipo chifukwa cha mbalamezo dambolo linaloŵa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa pangano la Ramsar, mu 2017. Kwa anthu a m'mphepete mwake ndi nkhokwe ya nthaŵi ya njala, pakuti ndimo amakumba nyika, akumaika moyo pachiswe pakati pa ng'ona.

M'matope a dambo lomweli mumakhala nsomba imene asodzi amaitcha dowe. Wochokera m'chigawo cha pakati asaganize za chimanga chachiŵisi. Dowe uyu ndi nsomba yaitali yokhala ndi mapapo, ndipo akaletsedwa kufika pamwamba pa madzi kudzapuma amafa ngati munthu womira. Chilimwe chikafika, thamanda nkuuma, iye amakumba dzenje m'matope, nadzipinda, nadzikuta ndi zoterera zotuluka m'thupi mwake zimene zimauma ngati chikopa, nkusiya kabowo kopumira. Amagona motero miyezi yambiri mpaka mvula itagwa. Akatswiri a zamoyo anapeza kuti pa nsomba zonse zimene zilipo, mtundu wa dowe ndiwo uli pachibale chapafupi kwambiri ndi zolengedwa za miyendo inayi, achule, abuluzi, mbuzi ngakhalenso munthu. Kunena mwachidule, dowe ali pafupi ndi msodzi amene wamugwira kuposa mmene alili ndi chambo.

Nsomba zina za pa Chiromo nazonso ndi za ku Zambezi, osati za ku nyanja. Yotchuka ndi mcheni wa mano akuthwa ngati misomali, wosiyana kotheratu ndi ncheni za ku Mangochi. Mathithi a Kapichira ndiwo akhala akuutchinga kuti usakwere kumtunda. Ndiye chifukwa chake pokonza ngalande yaikulu yothirira minda m'chigwa cha Shire, imene imatenga madzi pamwamba pa mathithiwo, akatswiri anaikapo chotchinga chapadera, kuopa kuti mcheni ungapeze njira yokafikira ku Nyanja ya Malaŵi nkukasakaza nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse.

Makolo a m'chigwachi anali ndi njira yawo yofotokozera ukali ndi chifundo cha madzi. Kumwera kwa Chiromo, m'nkhalango ya Khulubvi pafupi ndi boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, mwini mvula wa Amang'anja. Mbiri yake imati adani otumidwa ndi Lundu anamulondola mpaka kumupeza, koma mikondo ndi mipeni yachitsulo inalephera kumulasa. Iye mwini ndiye anawaululira kuti chingamuphe ndi tsamba chabe la udzu wakuthwa. Atamudula mutu, magazi ake anayenderera nasanduka dziŵe la Ndione, ndipo mutuwo unaikidwa ku Khulubvi. Amati mzimu wake umabwera ngati nsato kudzacheza ndi mkazi wopatulidwira iye, wotchedwa Salima, ndipo oloŵa m'nkhalangomo amavula nsapato navala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Holland, Matthew Schoffeleers, anatha zaka zambiri akufufuza mbiri imeneyi, ndipo Steve Chimombo anaisandutsa seŵero lotchedwa The Rainmaker.

Mbona amapemphedwa mvula ikasoŵa. Ikachuluka, dzina limene limamveka ndi la Napolo, chinjoka cha pansi pa mapiri chimene chimati chikamasamuka, phiri limagumuka ndipo madzi, miyala ndi mitengo zimatsata m'mbuyo mwake. Chinadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, ndipo oimba a banja la Paseli anachiimba nyimbo imene inamveka pa wailesi kwa zaka zambiri. Chinadutsanso ku Phalombe mu 1991. Asayansi amati ndi dothi la m'mapiri limene lakhuta madzi mpaka kulephera kudzigwira. Anthu a kwa Mlolo satsutsana ndi mbali iliyonse. Chimene amadziŵa nchakuti chimene chagumuka kumwera kwa Mulanje, mmaŵa mwake chimafika pakhomo pawo kudzera mu Ruo.

Mu 1997 madzi osefukira anaboola mulu wautali wa dothi umene unanyamula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi mlatho wa Chiromo. Mlathowo unatsala chiimire, wamphumphu, koma wopanda njira yofikirapo kuchokera kumadzulo, ndipo kwa zaka zoposa 25 palibe sitima imene inawolokapo. Pamene panabooka paja ndipo pa Mtayamoyo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake yakale natsegula ina cha ku Makhanga, kupyola m'midzi ndi m'minda. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anamizanso dera lomwelo, ndipo mabanja ambiri anasamukira kumtunda. Mtsinje umene nduna za ku London ndi ku Lisbon zinausankha mu 1891 kuti ukhale malire osasuntha a maiko aŵiri wakhala ukusuntha pamaso pa anthu.

Eni mabwato a pa Mtayamoyo amaŵerenga madzi ngati kalata. Akaona kuti asanduka ofiira ndipo ayamba kunyamula zinyalala za nthochi ndi nsungwi, amadziŵa kuti mvula yagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale kumwamba kwa pa Bangula kuli mbee. Pamenepo mtengo wowolotsera umakwera, ndipo mai wopita kuchipatala ndi mwana kumsana amayamba waima pagombe, kuyang'ana kutsidya, asanaponde m'bwato.